Dandaulo pa zithunzi 24 zomwe munatitsukira

Kwa a Manijala,

Bwana,

Tikulemba m'malo mwa kagulu kathu ka okonda kujambula zithunzi kuno ku Zomba. Sabata yatha tinakusiyirani zithunzi 24 pa flash kuti mutitsukire pa saizi ya masentimita 20 x 30. Tinalipira ndalama zonse ndipo risiti tamata pa kalatayi. Zithunzi zomwe tinalandira sitingazikhome pakhoma.

Vuto lalikulu ndi fayilo yomwe munagwiritsa ntchito. Zathu zinali za JPEG, mu muyeso wa mitundu wa sRGB, za mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 3600 x 2400, zokwanira 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) pa saiziyi. Wantchito wanu anapempha kuti timutumizirenso pa WhatsApp kuti angoziona, koma kenako n'kutsuka zimenezo. WhatsApp imafinya chithunzi mpaka mbali yaitali kutsala ndi mapikiselo pafupifupi 1600, ndipo mukachitambasula pa masentimita 30 chimatsika kufika cha m'ma 135 dpi. N'chifukwa chake madzi a pa mathithi a Williams akuoneka ngati phala, ndipo nthambi za paini m'mbali mwa damu la Mulunguzi zasanduka timabokosi.

Chomwe chatiwawa kwambiri ndi mitundu. Tinanena momveka kuti auto correction, yomwe imachititsa makina kusintha okha kuwala ndi mitundu, izimitsidwe, chifukwa chithunzi chilichonse tinali titachikonza kale pa kompyuta. Pa chithunzi cha m'bandakucha pa doko la Kachulu, asodzi ndi mabwato awo tinawasiya mumdima dala, kuti kufiira kwa kumwamba pa nyanja ya Chilwa kuoneke bwino. Makina anu anaona mdimawo ngati cholakwika n'kuuwalitsa. Nkhope za asodzi zadzaza timadontho ngati mchenga, kumwamba kwatuwa. Nkhungu ya pa phiri la Zomba nayo yatuluka yobiriwira, chonsecho pa fayilo ndi yoyera.

Pepala munaika la A4 osatifunsa. Zithunzi zathu zili pa muyeso wa 3:2 (m'litali magawo atatu, m'lifupi awiri), pamene A4 ndi masentimita 21 x 29.7, kotero kuti chithunzi chidzaze pepalalo pamadulidwa pafupifupi masentimita awiri m'litali. Pamenepo ndi pomwe panapita mutu wa bwato pa chimodzi mwa zithunzizo.

Zithunzi zisanu ndi ziwiri zili ndi mizere yopyapyala yodutsa pakati, chizindikiro choti timabowo totulutsa inki tatsekeka. Kuyesa timabowoto (nozzle check) ntchito isanayambe kukanaonetsa zimenezi.

Tikupempha kuti mutitsukirenso zonse 24 popanda kulipiranso, kuchokera pa flash, pa 20 x 30, auto correction yozimitsa. Muyambe ndi chimodzi chokha, cha ku Kachulu chija, tidzachione pa kuwala kwa dzuwa musanapitirize. Ngati makina anu sangathe saiziyi, tiuzeni poyera ndipo mutibwezere ndalama zathu pasanathe masiku asanu ndi awiri. Zithunzi zolakwikazo tazisunga mu envelopu yake ndipo tibwera nazo Lolemba m'mawa.

Ndife makasitomala anu,
Okonda kujambula zithunzi a ku Zomba