Mphunzitsi wa pa sikirini sakukuonani

A Mkonzi,

Tiloleni tiyankhulepo za njinga zopalasira m'nyumba, zija zosayenda, zomwe masiku ano zimabwera ndi sikirini kapena zimalumikizidwa ku foni kuti munthu azitsatira mphunzitsi pa intaneti. Ife ntchito yathu ndi kuphunzitsa masewera olimbitsa thupi komanso kukonza njinga zoterezi. Sitikuzinyoza ayi. Kupalasa sikugwedeza mawondo ngati kuthamanga, ndipo kaya kunja kuli mvula kaya mdima, munthu amapalasabe. Koma pali chinthu chimodzi chomwe otsatsa malonda satchula: mphunzitsi amene akukuwa pa sikiriniyo sakukuonani.

Pomwe Johnny Goldberg ankayambitsa makalasi a Spinning, opalasa njinga zoterezi pagulu, ku California kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mphunzitsi ankakhala m'chipinda momwemo ndi ophunzira ake, ndipo akaona chishalo chatsika ankatha kupita kukachikweza. Kampani ya Peloton, yomwe inakhazikitsidwa ku New York mu 2012, inatenga kalasiyo n'kuyiika pa sikirini, pulogalamu yopalasira pa intaneti ya Zwift nayo inabwera mu 2014, ndipo mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba mu 2020 njingazi zinagulidwa kwambiri. Nyimbo ndi kukuwa zinafika kunyumba, koma maso a mphunzitsi anatsalira. Zomwe iye akanakonza, tsopano muzikonza nokha.

Yambani ndi chishalo, chifukwa madandaulo ambiri a mawondo amachokera pamenepo. Imani pambali pa njinga, mukweze chishalo mpaka chifanane ndi fupa lotukuka la m'chiuno. Kenako kwerani, muike chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke, koma chiuno chisapendekeke. Mukabweza phazi kuti pakati pa pedulo pakhale malo otambalala a kuseri kwa zala, bondo lizipindika pang'ono, madigiri a pakati pa 25 ndi 35. Okonda masamu angayeze mwendo kuchokera pansi mpaka m'mphechepeche, n'kuchulukitsa ndi 0.883. Yankho lake ndi mtunda wochokera pakati pa chitsulo chomwe mapedulo amazungulirapo kufika pamwamba pa chishalo. Wa mwendo wa masentimita 80 apeza pafupifupi 71.

Thupi lidzakuuzani ngati mwaphonya. Kupweteka kutsogolo kwa bondo nthawi zambiri kumasonyeza kuti chishalo chatsika. Kukakhala kuseri kwa bondo, chiuno n'kumapendekera uku ndi uku, ndiye kuti chakwera kwambiri. Posintha musalumphe, sunthani mamilimita 5 okha, mupalase masiku angapo, muone. Chishalo chimasunthanso kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ichi ambiri sachikhudza n'komwe. Mapedulo akhale mopingasa, ina kutsogolo ina kumbuyo, ndipo bondo lakutsogolo likhale pamwamba penipeni pa pakati pa pedulo. Mphuno ya chishalo isaloze kumwamba, imapanikiza mitsempha n'kubweretsa dzanzi kumaliseche. Ikaloza pansi mumatsetserekera kutsogolo, thupi lonse n'kulemera m'manja. Chiwongolero, kwa oyamba kumene ndi a vuto la msana, chikhale mulingo umodzi ndi chishalo kapena chokwererapo, zigongono zopinda pang'ono, mapewa omasuka. Ngati njinga imodzi mukupalasa anthu angapo, aliyense alembe manambala ake a pachitsulo, asamayerekeze tsiku lililonse.

Chachiwiri ndi chopotokola chija chomwe chimalimbitsa kapena kufewetsa njinga. Kutsogolo kapena kumbuyo kwa njingazi kuli gudumu lachitsulo lolemera, pa zambiri makilogalamu 13 mpaka 20, ndipo pa njinga zambiri za mtunduwu gudumulo ndi lomangiriridwa ku mapedulo. Mukasiya kupalasa, mapedulo sasiya kuzungulira. Munthu akafewetsa kwambiri n'kuthamangitsa miyendo, si iye amene akuzunguza gudumu, gudumu ndi lomwe likumukoka. Chizindikiro chake ndi matako odumphadumpha pa chishalo. Pamenepo mawondo akuvulala ndipo phindu palibe, ngakhale nambala ya liwiro ikuoneka yosangalatsa. Onjezani kulimba mpaka chiuno chikhazikike. Popalasa ngati muli pamalo athyathyathya, mapedulo azizungulira ka 80 mpaka 100 pa mphindi, ndipo poyerekeza chitunda, ka 60 mpaka 80. Mukatsika pansi pa 60 chifukwa cha kulemera, mwalimbitsa mopyola. Musaimirire pa mapedulo njinga ili yofewa. Pofuna kuima mwadzidzidzi, dinikizani chopotokolacho pansi, ndiye buleki yake. Osachotsa phazi gudumu likuzungulirabe, pedulo idzakumenyani pamsongolo.

Mphunzitsi akanena kuti “ikani pa 40”, akunena za njinga ya kampani yake. 40 wa pa njinga ina ndi kulemera kwina. Yesani ndi mpweya wanu: ngati mukutha kuyankhula ziganizo zathunthu koma kuyimba kukukanika, muli pa mlingo wapakati. Ngati mukungotulutsa mawu awiri atatu, muli pa mlingo waukulu, ndipo pamenepo woyamba kumene sayenera kukhalitsa.

Manambala a pa sikirini musawakhulupirire kwambiri. Njinga zambiri siziyeza mawati enieni, omwe ndi muyeso wa mphamvu yomwe miyendo ikutulutsa, zimangoyerekeza kuchokera pomwe chopotokola chili ndi liwiro la mapedulo. Njinga ziwiri za mtundu umodzi zimatha kupereka manambala osiyana kwa munthu yemweyo, choncho mndandanda uja wosonyeza amene akutsogola m'kalasi ndi wosangalatsa chabe, si muyeso woti muzidziphera nawo. Makalori nawonso amakonda kukokomezedwa. Kupalasa pa mawati 100 kwa ola lathunthu ndi ntchito ya makilojulo 360, ndipo poti thupi limasandutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu zake kukhala ntchito ya miyendo, makalori otenthedwa amakhalanso cha m'ma 360 momwemo. Sikirini ikati mwatentha 500 m'mphindi 30 pa mawati amenewo, ikukunamizani. Kawerengedwe ka kugunda kwa mtima kochotsa zaka zanu pa 220 nakonso n'kongoyerekeza, kamatha kuphonya ndi 10 kapena kuposa, ndipo mankhwala ena a mtima ndi a kuthamanga kwa magazi amachedwetsa kugundako.

Apa ndi pomwe tikufuna owerenga atchere khutu. Pali vuto lomwe madokotala amalitcha rhabdomyolysis, lomwe lakhala likupezeka mwa anthu ongochoka m'kalasi yawo yoyamba yopalasa njinga. Minofu ya m'ntchafu ikagwiritsidwa ntchito mopyola zomwe inazolowera, imaphwanyika, zam'kati mwake n'kulowa m'magazi, ndipo zimenezi zimatha kuwononga impso. Si ofooka okha amene limawagwira. Munthu wamphamvu koma wosazolowera njinga ndiye amatha kudzikakamiza mpaka kufika pamenepo. Zizindikiro zimabwera patatha tsiku limodzi mpaka atatu: ntchafu zotupa, ululu woposa kuphwanya kwa thupi kwa nthawi zonse, kulephera kupinda mawondo, ndi mkodzo woderako ngati tiyi wopanda mkaka. Zikatero pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti zitha zokha.

Kupewa kwake n'kosavuta. Masabata awiri oyamba palasani mphindi 15 mpaka 20, katatu pa sabata, mukudumphitsa tsiku, ndipo sankhani makalasi olembedwa kuti ndi a oyamba. Mphindi 5 zoyambirira ndi 5 zomalizira zikhale zofewa. Bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu kuchita masewera a mlingo wapakati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena a mlingo waukulu kwa mphindi 75 mpaka 150, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Kumeneko n'kofikako pang'onopang'ono, ndipo masiku awiri aja njinga yokha siyingawakwaniritse, chifukwa manja ndi msana sizigwira ntchito yokwanira popalasa. Amene ali ndi matenda a mtima, shuga, kuthamanga kwa magazi, komanso amayi oyembekezera, ayambe aonana ndi dokotala. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, tsikani, kaya kalasi yatsala mphindi zingati.

Panja, mphepo imakuumitsani thukuta mukamapalasa. M'nyumba mphepoyo palibe, thupi limatentha msanga ndipo mtima umathamanga kuposa ntchito yomwe mukugwira. Fani yoloza pachifuwa ndi yofunika kuposa nsapato zokongola. Kuti mudziwe madzi omwe mwataya, dziyezeni pa sikelo musanakwere komanso mutatsika. Kilogalamu iliyonse yomwe yachoka ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi, si mafuta.

Thukuta lomwelo ndi lomwe limapha njinga. Lili ndi mchere, ndipo limadontha pa mabawuti a chiwongolero, pa chitsulo cha chishalo ndi m'mphepete mwa gudumu, dzimbiri n'kuyamba mobisika. Pukutani ndi nsalu yonyowa pang'ono mukangotsika, kenako youma. Osathira madzi kapena mankhwala mwachindunji pa sikirini kapena m'mabeling'i. Kamodzi pa mwezi gwirani sipanala. Mapedulo ambiri amafuna ya mamilimita 15, ndipo kumbukirani kuti pedulo yakumanzere imamangidwa mozungulira kumanzere, mosiyana ndi bawuti wamba. Ambiri amawononga mazinga ake poikakamiza, ndipo zikatero mkono wonse wa pedulo umayenera kusinthidwa. Yambani kumanga ndi zala, mutapaka girisi pang'ono, sipanala ibwere pomaliza. Kaphokoso kobwera kamodzi pa kuzungulira kulikonse kawirikawiri ndi pedulo kapena mkono wake womasuka. Njinga yogwedezeka imangofuna kupotokola timiyendo take ta pansi mpaka tonse tigunde. Ya tcheni imafuna mafuta, ya lamba siyifuna, ndipo mukaupaka lambayo amayamba kuterereka. Ya maginito ilibe chokhuzana ndi gudumu, n'chifukwa chake imakhala chete, pomwe ya kansalu kokhuthala kopanikiza gudumu imalira kansaluko kakauma kapena kutha.

Chitsulo cha chishalo chili ndi mzere wosonyeza polekezera kukweza. Musaupyole. Mu May 2023, Peloton pamodzi ndi bungwe la boma la America la Consumer Product Safety Commission analengeza kuti njinga pafupifupi 2.2 miliyoni zisinthidwe chitsulo chimenechi chifukwa chimatha kuthyoka munthu ali pamwamba. Ogula njinga yogwiritsidwapo kale ntchito, ya kampani iliyonse, ayang'ane ngati mtundu wakewo sunaitanidwepo kuti ukonzedwe, aonenso ming'alu pamalo owotcherera.

Nsapato zomatirira ku pedulo zili mitundu: Look Delta ya mabawuti atatu ndi SPD ya mabawuti awiri, ndipo sizilowana. Pochotsa phazi mumapotoza chidendene kunja. Mabawuti a pansi pa nsapato akamasuka, nsapato imazungulira yokha kachitsulo ka pansi pake kali chomatirira ku pedulo, munthu n'kukodwa pa njinga. Zikatero vulani nsapatoyo, mutsike, muichotse ndi manja.

Musanagule, funsani zomwe sikirini imachita mukasiya kulipira mwezi ndi mwezi, chifukwa pa njinga zina imatsala ndi zochepa kwambiri. Onani ngati njingayo ili ndi Bluetooth FTMS kapena ANT+, zomwe zimailola kulumikizana ndi mapulogalamu a makampani ena, kuti musamangike kwa mmodzi. Werengaraninso intaneti: kanema woyenda pa mamegabiti 5 pa sekondi amadya magigabaiti oposa 2 pa ola, ndiye ngati pulogalamu ikulola, tsitsani ubwino wa chithunzi kapena koperani kalasi pasadakhale. Malo ofunika ndi pafupifupi masentimita 120 m'litali ndi 60 m'lifupi, ndi mpata wotsikira mbali zonse. Onaninso kulemera komwe njinga imaloledwa kunyamula.

Pa nyumba yomwe pali ana, gudumu lija limatha kuphwanya chala. Ena opanga njinga za kansalu amati muzimasula chopotokola mukamaliza kuti kansaluko kasaphwatalale. Ife tikuti ngati chipindacho sichikhomedwa, limbitsani mpaka mapedulo asasunthe, kansaluko mudzagula kena.

Ndife,
Aphunzitsi a masewera olimbitsa thupi ndi okonza njinga