Kalata kwa Mavuto ku Johannesburg

Mavuto mnzanga,

Kuno ku Zomba tili bwino, kungoti chisanu cha Juni chatsika m'phirimu mwamphamvu. Tsiku lija pafoni unkatsokomola osalekeza, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale m'malo. Ndiye tamvera zomwe ndaona.

Loweruka ndinakatunga madzi obiriwira ku Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, kuti ana anga a Fomu 3 adzaone pa maikulosikopu. Kadontho kamodzi kokha, aise, koma zamoyo zake piringupiringu ngati tsiku la msika ku Songani! Chinatigwira mtima ndi Paramecium, kachilombo ka selo limodzi kooneka ngati silipasi, thupi lonse tiubweya tomwe asayansi amati cilia. Kaubweya kalikonse kamakankha madzi kali chiwongokere, pobwerera n'kupindika, monga amachitira wopalasa bwato ndi nkhafi. Sitimenya nthawi imodzi ayi, timatsatizana, ndiye umaona funde likuyenda pathupipo ngati mphepo ikudutsa m'munda wa mpunga ku Domasi. Mtsikana wina anakaniratu kuchoka pa makinawo mpaka belu linalira.

Tinaonanso Euglena, yemwe amasambira ndi kachingwe katali, flagellum. Mbewu ya abambo imayendanso ndi kamchira kotero. Kabakiteriya ka kolera, matenda aja amasautsa asodzi pa Chilwa, kalinso ndi kamchira kamodzi, koma kake kamazungulira ngati chopalasira cha injini ya boti.

Tsono chomwe ndakulemberachi ndi ichi. Tiubweya timeneti tilinso mwa iwe, tayala m'kholingo monse mpaka m'timachubu ta m'mapapo. Kumeneko selo silisuntha, chomwe chimayenda ndi ntchofu yomwe yakola fumbi ndi tizilombo. Usana ndi usiku timaisesa kuikweza kukhosi, iwe n'kumeza osadziwa. Utsi wa fodya umatifooketsa, tina n'kuthothoka, ntchofu n'kudikha pansi. Chifuwa chako cha m'mamawacho ndi thupi likuyesa kutulutsa ndi mphamvu zomwe tiubweyato tikanasesa mwakachetechete. Ndikamaphunzitsa zimenezi ndimakumbukiranso mayi anga m'kakhitchini kaja kopanda windo, maso ali psuu ndi utsi wa nkhuni.

Munthu akasiya kusuta timaphukanso, pakapita miyezi n'kuyambiranso ntchito. Chonde siya ndudu, ndipo sabata ino upite kuchipatala akakuyeze makhololo, pajatu TB imayambanso chomwecho. Ukapita undiimbire.

Alamu ako akupereka moni. Matemba ndatumiza ndi basi ya Lachisanu.

Ndine mnzako,
Limbani