Tiphunzitseni kukonza mapampu konkuno

Akonzi,

Nkhani munalemba ija ya mapampu a sola ongokhala osagwira ntchito ndi yoona, koma vuto si mapampuwo ayi, amisiri ndi amene kulibe. Kuno ku Santhe pampu ikangoyamba kukoka mpweya kapena mchenga ukadya impela, kachitsulo kozungulira kokankha madzi m'pampumo, basi sikimu yonse yothirira yaima, tomato kumafota tikudikira munthu achoke ku Lilongwe, transipoti yakenso tilipire ndife. Chonsecho zina nzazing'ono, kutsuka sefa, kusintha marabala, kudziwa kuti pampu ikamayenda popanda madzi imapsa. Anyamata okonza mijigo ya Afridev alipo kale m'midzimu, mitu yawo imagwira. A TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, atsegule kosi ya mapampu konkuno ku Kasungu, ndipo kampani yoika pampu isamachoke isanaphunzitse anthu awiri atatu.

Mlimi wodandaula,
Santhe, Kasungu