Za magalamu 30 a mapuloteni munafunsa aja

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ndipo zitsulo mukunyamulabe. Munafunsa ngati n'zoona kuti thupi limangolandira magalamu 30 a mapuloteni pa chakudya chimodzi, otsalawo n'kungotayika. Si zoona. Amene amanena zimenezi amasokoneza zinthu ziwiri: zimene matumbo amayamwa, ndi zimene minofu imagwiritsa ntchito pomangika.

Matumbo sakana chakudya. Mapuloteni amagayidwa m'mimba ndi m'matumbo aang'ono mpaka kusanduka ma amino acid, tizidutswa ting'onoting'ono timene timapanga mapuloteniwo, ndipo a m'nyama, mazira ndi mkaka amalowa m'magazi pafupifupi onse, kuposa 90 peresenti. Mukadya ambiri, kugayako kumangotenga nthawi yaitali. Funso lenileni ndi loti minofu imatengapo zochuluka bwanji, chifukwa ma amino acid ena amapita ku chiwindi, ku khungu ndi ku matumbo omwewo, ena amawotchedwa kuti apereke mphamvu, zotsalira zake n'kutuluka mumkodzo.

Malire otchukawa anachokera ku kafukufuku ngati wa mu 2009 ku yunivesite ya McMaster ku Canada. Anyamata atachita masewero a miyendo anapatsidwa mapuloteni a mazira, ndipo magalamu 20 anafikitsa kamangidwe ka minofu pafupi ndi pamapeto pake. 40 sanawonjezerepo zambiri. Koma taonani: inali miyendo yokha, ndipo anayeza kwa maola ochepa. Mu 2016 ku Stirling, anthu atachita masewero a thupi lonse, magalamu 40 a whey (mapuloteni ochokera mumkaka) anaposa magalamu 20 ndi pafupifupi 20 peresenti. Kenako mu 2023 ku Maastricht anayerekeza magalamu 25 ndi 100 a mapuloteni a mkaka kwa maola 12. Omwe anamwa 100 anamanga minofu yochuluka, ndipo ntchitoyo inapitirira nthawi yaitali. Choncho phindu limacheperachepera mukamawonjezera, koma palibe pomwe limaduka mwadzidzidzi.

Nambala yomwe ndingakuuzeni kuti muigwiritse ndi ya tsiku lonse: magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwanu, ndipo ngati mukufuna kukhala ndi chitsimikizo, mpaka 2.2. Kupitirira apo n'kuwononga ndalama. Ofufuza awiri, Brad Schoenfeld ndi Alan Aragon, mu 2018 analangiza kugawa zimenezi pa zakudya zinayi, chilichonse magalamu 0.4 mpaka 0.55 pa kilogalamu. Munthu wa makilogalamu 75 ndiye kuti afunika magalamu 120 mpaka 165 patsiku, kapena 30 mpaka 41 pa chakudya chimodzi. Wa makilogalamu 100 magalamu 30 amamuchepera. Okalamba nawo minofu yawo siimva msanga, moti asamatsike pa 0.4.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: kulemera kwa nyama si kulemera kwa mapuloteni. Magalamu 100 a nyama yophika ya pachifuwa cha nkhuku ali ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 31. Dzira limodzi lili ndi 6, ndiye kuti afunika asanu kuti mukwanitse magalamu 30. Kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi 8. Nyemba zophika zili ndi 8 kapena 9 pa magalamu 100, ndipo leucine, amino acid yemwe amayambitsa ntchito yomanga minofu, ndi wocheperako m'zomera. Pa chakudya chimodzi pamafunika leucine wa magalamu 2 kapena 3, ndiye mukadalira nyemba ndi soya, onjezerani mlingo ndipo phatikizani ndi zakudya monga chimanga kapena mpunga. Za kumwa mazira aawisi zija zisiyeni. Thupi limayamwa pafupifupi theka chabe la mapuloteni ake, pomwe ophika limayamwa oposa 90 peresenti, osanenanso za matenda a salmonella.

Vuto lina ndi lodya zochepa m'mawa ndi masana, kenako kudzaza mbale usiku. Sizitayika ayi, koma n'kovuta kukwanitsa magalamu 120 pa mbale imodzi. Siyanitsani zakudyazo ndi maola atatu kapena anayi. Mukamaliza masewero musathamange ngati nyumba ikupsa. Minofu imakhala yokonzeka kulandira mapuloteni kwa tsiku lathunthu. Tsiku limene ntchito yakupanikizani mpaka kudya kawiri kokha, idyani magalamu 60 pa chakudya chilichonse osadandaula, ngati mukulemera makilogalamu 75.

Ngati muli ndi vuto la impso, kapena shuga ndi kuthamanga kwa magazi zomwe zakhalitsa, kaonaneni kaye ndi dokotala musanakweze mlingo. Mundilembere kulemera kwanu ndi masiku amene mumapita ku jimu pa sabata, ndikuwerengereni bwinobwino.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu.