Kalata kwa mwana wanga wopita ku Joni

Mabvuku, Harare

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mkamwini wanga ndi adzukulu anga. Ife kuno tilipo, kungoti bondo la bambo ako layambanso ndi kuzizira kwa Juni uku, ndipo madzi tikutungabe kuchitsime.

Za ulendo wako ndamva ndipo mtima wanga wadzaza. Pa anthu onse a kuofesi kwanu asankha iwe kuti ukawaimire kumsonkhano ku Sandton! Bambo ako auza kale mpingo wonse. Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe si chimenecho ayi. Mng'ono wako wandionetsa pa WhatsApp zinthu zimene anthu akutuma kuti ukagule: mawigi a anzako, foni ya mlamu wako, mabulangete a azakhali ako, nsapato za ana a eni. Ndiye wandinong'oneza kuti wakatenga ndalama kwa mayi wakatapila uja kuti ukaoderenso zako zodzagulitsa. Mwana wanga, zimenezi n'zoona? Usamukalipire mng'ono wakoyo, ndine ndinamuumiriza.

Ku Joni akukutuma ntchito. Tikiti alipira ndi iwo, hotelo alipira ndi iwo, ndipo alawansi imene akupatsayo ndi yoti udye, ukwere, ufike pamsonkhano uli ndi mphamvu. Si mpamba wa geni. Ndikukupempha, tenga maenvulopu awiri, ina ya ndalama za kuntchito, ina ya zako, ndipo zisakumane ngakhale tsiku limodzi. Munthu amayamba ndi kunena kuti ndingobwerekako pang'ono, ndidzabweza ndikafika kunyumba. Mwana wa anansi athu aja, amene munkaimba naye kwaya, anayamba choncho. Pobwera analembetsa malisiti abodza kuti aphimbe dzenje, a maakaunti anazitulukira, lero ali pakhomo pa mayi ake ndi madigiri ake awiri. Mayi akewo ndikakumana nawo kuchitsime ndimasowa poyang'ana.

Joni ndimamudziwa ine, usaiwale. Unali usanayambe sukulu pamene ndinkaluka madoili usiku wonse pa nyali, n'kukwera basi, kuchezera pamzere pa Beitbridge, kukatsikira pa Park Station miyendo itatupa. Tinkayenda khomo ndi khomo kugulitsa. Ndinaona ndi maso angawa amayi anzanga atagulitsa bwinobwino katundu yense, n'kulowa mu Small Street masana amodzi okha, kutulukamo ndi zikwama zodzaza koma ya basi yobwerera alibe. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine ndalama ya fizi yako ndinkaisokera m'kati mwa lamba wa siketi ndisanaone sitolo iliyonse. Unaphunzira ndi ndalama imeneyo.

Randi imanyenga. Ukaona mtengo n'kuugawa m'mutu kuti upeze madola, chilichonse chimaoneka chotchipa, ndipo dzanja limapita lokha kuchikwama. Koma kuwerengerako kumathera panjira. Sunaikepo za banki imene imadula nthawi iliyonse ukalipira ndi khadi kunja. Sunaikepo makilo opitirira amene alembedwa pa tikiti yako, ndipo a ndege sachita chisoni pa sikelo. Sunaikepo a ZIMRA, otolera msonkho kuno ku Zimbabwe, amene akukudikira pa eyapoti ya Robert Mugabe: katundu wa munthu mwini ali ndi malire ake olowa ulele, koma mawigi khumi ofanana palibe angakhulupirire kuti ndi a mutu umodzi, adzati ndi malonda, ulipire msonkho. Ukaphatikiza zonsezo ndi chiwongoladzanja cha katapila, phindu lako lili pati? Ndipo amene akutumawo, ndi angati akupatsiratu ndalama m'manja? Ndikuwadziwa azakhali ako. Adzalandira bulangete, adzavina, adzati ndalama kumapeto kwa mwezi. Mwezi wake sudzafika, ndipo iwe sudzatha kuwakumbutsa chifukwa ndi azakhali.

Mu 2008 zinali zina. Masitolo a mu Harare anali mashelefu okhaokha, ndalama inkasungunuka m'manja tili pamzere wa buledi, ndipo tinkapita ku Musina, tauni ya pamalire ku South Africa, kukatenga shuga, mafuta ophikira ndi sopo chifukwa kunalibe kwina. Imeneyo inali njala, mwana wanga, sikunali kusirira. Lero bulangete lomwelo lili ku Gulf Complex, lili ku Mbare. Wolifuna akwere kombi akagule.

Sindikuti udzitsekere m'chipinda cha hotelo. Ayi ndithu. Ine ndinayenda mu Joni zaka zonse zija osaonako china koma mageti a anthu ndi agalu awo, ndiye iwe ukaone m'malo mwanga. Ntchito ya tsikulo ikatha, kapena Loweruka ngati akulola kutsalira, pita ku Soweto. Mu Vilakazi Street muli nyumba imene ankakhala Nelson Mandela, ndipo Desmond Tutu nayenso nyumba yake inali mumsewu womwewo. Chapafupi pomwepo pali malo okumbukira Hector Pieterson ndi ana asukulu amene anaomberedwa pa 16 Juni 1976. Ukapeza mpata ukalowenso mu Apartheid Museum. Ndipo podutsa ukaona milu ya mchenga wachikasu wa m'migodi, ukumbukire mkulu wawo wa agogo ako. Anachoka ku Dedza ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni, ali mnyamata, agogo ako n'kutsikira kuno ku Salisbury. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974, Kamuzu analetsa anthu kupita kumigodi, ambiri anabwerera kumudzi, koma iye sanabwere. Anatchona. Agogo ako ankati ndalama ankapeza ndithu, koma inkathera m'masuti ndi m'zipewa, ndipo manyazi obwerera chimanjamanja anamumanga miyendo mpaka imfa. Manda ake palibe wa ife anawaonapo. Ndikaganiza za ngongole yakoyi, nkhope ya agogo ako polankhula nkhani imeneyi imandibwerera.

Zoyendayendazo ulipire ndi envulopu yako, osati ya kuntchito. Ndabwerezanso dala.

Kuchokera pa eyapoti ya OR Tambo kwera sitima ya Gautrain, imakafika ku Sandton komweko m'mphindi zochepa. Usakwere galimoto ya munthu wongokukodola pakhomo. Foni isamakhale m'manja mumsewu, pasipoti isiye yokhomera kuhotelo ukamatuluka madzulo, uyende ndi kope lake.

Tsopano za kudya, chifukwa ndikukudziwa, sutha kukana anthu. Anzako adzati tiyeni ku Nelson Mandela Square tikadye pafupi ndi chifanizo chachikulu chija. Pita kamodzi, ujambulitse, unditumizire chithunzi ndidzaonetse amayi a chigwirizano. Koma tchera khutu poitanitsa. Pamakhala wina woitanitsa nyama yodula ndi mabotolo a vinyo, pamapeto n'kunena kuti tigawane bilu mofanana, iwe utangodya nkhuku ndi madzi. Nena poyambirira, mwaulemu, kuti ulipira zako zokha. Palibe manyazi pamenepo. Kumbukiranso kuti kumeneko woperekera zakudya amayembekezera kangachepe pamwamba, pafupifupi 10 pa 100 iliyonse, ndipo usawamane, ambiri mwa ana amenewo ndi athu omwe a kuno ndi a ku Malawi. Chakudya cham'mawa cha kuhotelo ngati chalipiridwa kale, idya ukhute. Kafiriji ka m'chipinda usakatsegule, madzi a mmenemo mtengo wake ndi wa nkhuku yamoyo. Ukalakalaka nsima, papa ndi nyama yootcha zili paliponse ndipo sizidula.

Ngati pali chimene ukufunadi, chako iwe, monga jekete labwino la kuntchito kapena nsapato za ana ako, gula ndi ndalama yako ndipo upemphe lisiti lenileni la msonkho. VAT ya kumeneko ndi 15 pa 100, ndipo mlendo akhoza kuitanitsa kuti amubwezere pa eyapoti potuluka, bola aonetse katunduyo ndi malisiti asanapereke chikwama. Fika msanga tsiku limenelo. Malisiti a kuntchito nawo usataye ngakhale limodzi, ndipo usalole munthu akulembere nambala yoposa imene walipira, ngakhale bwana wako atati aliyense amatero.

Ine usandigulire kanthu. Ndikunena zoona, nsalu ndili nazo zodzaza sutikesi. Azakhali ako ndilankhula nawo ndekha, ndi mlamu wako yemwe, uwauze kuti mayi akana, mlandu ukhale wanga. Anzako a mawigiwo uwayankhe wekha, ndiwe wamkulu.

Koma ndalama ya katapila ija ibwerere kwa mwini wake usanakwere ndege. Ngati wayamba kale kuidya, usandibisire, ndili ndi kangachepe ka kuchipereganyu kamene ndilandire mwezi uno, tidzatseka nako. Bwera Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, ubwere ndi ana, ndidzaphika nkhwani zotendera. Tidzakambirana kukhitchini awiriwiri, za ngongoleyi bambo ako sindinawauze.

Ndine mayi ako.