Onse akuti ndi "a bizinesi", tiwakongoze mofanana?

Alangizi,

Ndine msungichuma wa banki m'khonde ina kwa Kamwendo kuno ku Mchinji. Lamulo lathu ndi limodzi: wotenga ngongole abweze pakatha mwezi, K20 pamwamba pa K100 iliyonse. Mapempho atatu a ngongole atiimitsa mitu.

Woyamba, mayi wa chiponde, sativuta kwenikweni. Amagula mtedza pokolola mtengo uli pansi, kuusankha, kukazinga, kugayitsa n'kuthira m'mabotolo. Ali ndi antchito awiri, kotero ngakhale akhale kumaliro masiku atatu malonda saima. Chomwe chingamugwetse ndi chuku: ena amawaza madzi mtedza kuti usendeke msanga, ukalowa m'thumba wonyowa umachita nkhungu, ndipo chiponde chotero sichingadutse ku MBS, bungwe la boma loyeza ubwino wa katundu.

Wachiwiri ndi mnyamata wopanga makadi a ukwati ndi maposita pa kompyuta. Uyu amagulitsa luso ndi nthawi yake basi. Akagona ndi malungo sabata imodzi, ndalamanso zagona. Akagwirira ntchito bungwe, malipiro amachedwa kupitirira mwezi, ndipo amabwera atadulidwa kale msonkho wa MRA wotchedwa withholding tax. Katundu wogwira ngati chikole alibe, kupatula laputopu yomwe amadyerayo. Ineyo ndimamuona ngati waganyu waluso, iye akuti ndikumunyoza.

Mutu weniweni ndi achinyamata awiri omwe akuti akuyambitsa startup: njira ya pafoni yolumikizitsa alimi a mtedza ndi soya kwa ogula a ku Lilongwe ndi ku Chipata, iwo n'kumadyapo pang'ono pa thumba lililonse. Kasitomala sanamupeze ndi mmodzi yemwe. Miyezi yoyamba n'kungotulutsa ndalama: mabandulo a intaneti, thiransipoti ya ku Mkanda ndi ku Kapiri, komanso kulipira USSD (manambala aja oyamba ndi * n'kuthera ndi #), poti alimi ambiri ali ndi mafoni a mabatani. Ikagwira, ifalikira maboma ambiri popanda kumanga sitolo. Ikakanika, palibe ngakhale botolo loti tigulitse. Ntchito yotere imayendera ndalama za anthu ogula gawo la kampani n'kudikira zaka, osati ngongole ya mwezi. Akutilonjeza magawo 10 pa 100 alionse, chonsecho kwa Registrar General, ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, analembetsa dzina la bizinesi lokha, osati kampani. Amayi ena atamva magawowa akutchedwa "masheya" anayesa ndi aja timaponya Lachisanu lililonse.

Tithandizeni. Kodi gulu losalembetsa ngati lathuli lingakhale ndi gawo m'kampani, nanga pamapepala pangalembedwe dzina la ndani? Wamakadiyu tingamukongoze potengera LPO (chikalata cha oda) ya bungwe lomupatsa ntchito, n'kumutalikitsira nthawi kufika miyezi iwiri, osakhumudwitsa ena? Ndipo a startup tiwakane ndi mawu otani, poti mayi a mmodzi mwa iwo ndiwo wapampando wathu?

Timagawana ndalama mu Disembala, ndiye iliyonse yotuluka pano iyenera kukhala itabwerera m'bokosi pofika Novembala.

Msungichuma wothedwa nzeru,
Kamwendo, Mchinji