Mwana wanga, kachilomboka ukafune mu phloem

Mwana wanga,

Poti wapatsidwa ntchito yoyeza mitengo ya kokonati imene ikufa ndi matenda achikasu ku Zambézia, ndati ndikulembere za phytoplasma, kachilombo koyambitsa matendawa, kamene kale ankakatcha MLO (mycoplasma-like organism). Anakaona koyamba ku Japan mu 1967 pa electron microscope, makina okuza zinthu kwambiri kuposa microscope wamba. Kalibe khoma la selo, sikamera m'mbale za labu monga bakiteriya wamba, ndipo kamakhala mu phloem, m'timipope tonyamula shuga. Ukadula malo olakwika, ntchito yonse yapita m'madzi.

Usathamangire masamba akale ofota. Mu kokonati tizilomboti timachepa kwambiri, choncho tenga maluwa osatseguka, tsinde la masamba anthete ndi nsonga za mizu. Tizidutswa tako tisapose mamilimita 2, ndipo utiviike nthawi yomweyo mu glutaraldehyde ya 3% (mankhwala osunga maselo kuti asawonongeke) yosakaniza ndi phosphate buffer ya pH 7, pozizira. Ukachedwa, phloem imatsekeka ndi callose, chinthu chimene mtengo umapanga potseka bala, tizilomboti n'kuphwanyika.

Yamba ndi njira zotsika mtengo. Dienes' stain (utoto wopaka tizigawo) ya 0.2% kwa mphindi 10 imachititsa phloem yodwala kuoneka yabuluu, koma ine sindiyikhulupirira payokha. DAPI, utoto wowalitsa DNA, ndiyo yabwino: microgram 1 pa mililita, tizigawo tautali motsata mtsempha, kenako pa microscope ya kuwala kwa UV. Timipope tokhwima ta phloem tilibe nucleus (phata la selo losunga DNA), ndiye timadontho towala mkati mwake ndi DNA ya kachilomboka. Apa ambiri amanyengeka, chifukwa maselo oyandikana nato ali ndi nucleus ndipo amawalanso. Chonde, pambali pazikhala kagawo ka mtengo wabwinobwino koyerekeza nako.

Pa electron microscope, ukatha glutaraldehyde ika mu osmium tetroxide ya 1%. Ameneyu nthunzi yake imawononga maso, usamutsegule kunja kwa fume hood, kabati yotulutsa nthunzi yoipa. Chotsa madzi ndi ethanol pang'onopang'ono, kuyambira 30% mpaka 100%, kenako ika mu resin, utomoni wolimbitsa tizidutswa kuti tidulike bwino. Madzi akatsala, resin siuma bwino ndipo imang'ambika pampeni. Dula tizigawo ta nanomita 70, paka uranyl acetate ndi lead citrate. Uona timatumba tosiyana maonekedwe, ta nanomita 200 mpaka 800, tokutidwa ndi kachikopa kamodzi: tizilombo tija ndi timeneti.

Ukapanda kuona kanthu, usalembe kuti mtengowo uli bwino. Sunga zidutswa zina mufiriji zokayeza pa PCR, njira yofufuza DNA ya kachilomboka, chifukwa alimi adzadula kapena kusiya mitengo yawo potsata zimene iwe ulembe.

Ndine bambo ako.